Tebulo la magalasi osweka ndi gulayinda imene ndikufuna

Loweruka, 7 Juni

Felemu ya tebulo yafika lero masana. Alamu anga, amene amawotcherera zitsulo ku Mchesi, anayikweza pa kabaza mpaka kuno. Pamwamba pake ndi angle iron ya 25 mm, kutalika 80 cm, mulifupi 50 cm, ndipo miyendo ndi ya square tube. Cholinga changa n'kuthira simenti m'kati mwa felemuyo ndi kumatapo tizidutswa ta magalasi amitundumitundu, luso limene limatchedwa mosaic. Chithunzi chake ndi chambo ziwiri m'madzi.

Magalasi ndakhala ndikutolera kuyambira mu Malichi. Pali mabotolo obiriwira ndi abulauni, zotsala za galasi la mawindo zimene odula magalasi ku Malangalanga amataya, ndi timatailosi ta galasi ta 20 mm timene tinatsala kwa anzathu atamaliza bafa. Mabotolo ndi okhota, choncho amagwira ntchito pokhapokha ukawaphwanya ting'onoting'ono ngati chikhadabo.

Mavuto ndi awiri. Pomwe anawotcherera pali ziphuphu za chitsulo, ndipo ngodya zinayi zonse n'zakuthwa moti zang'amba kale chitenje cha mayi a kunyumba pamene amadutsa pakhonde. Magalasi nawo sitinena: zala zanga zitatu zili ndi pulasitala. M'nyumba muno muli mwana wa zaka zitatu amene amagwira chilichonse, ndiye tebulo ili silingalowe pakhonde lisanasalale.

Ndikufuna gulayinda imodzi yogwira zonse ziwiri, chitsulo ndi galasi. Alamu ati ndisataye ndalama, andibwereka yawo.

Lachitatu, 11 Juni

Gulayinda ya alamu ndi yaikulu, ya disiki ya 230 mm. Ukayiyatsa imakukankha m'manja ngati mbuzi yokana kupita ku msika. Ndi yodulira njanji za geti ndi mapaipi, ndipo pa ngodya ya tebulo langa siikwanira n'komwe. Ndinayibweza madzulo omwewo, ndipo anandipatsa yaing'ono ya 115 mm, ya liwiro limodzi basi.

Pa chitsulo yachita bwino kwambiri. Ndinayamba ndi disiki yopalira ya 6 mm kuchotsa ziphuphu zija, nditapendeketsa makina pang'ono, osati kuwagoneka kapena kuwaimika chilili. Kenaka ndinaika flap disc, ija ya timasandipepala tosanjikizana ngati mamba a nsomba, ya nambala 60 (nambala ikakhala yaing'ono, mchenga wake umakhala wokhakhala kwambiri). Ngodya ziwiri zinasalala pasanathe theka la ola.

Ndiye mtima unakula. Ndinatenga chidutswa cha botolo lobiriwira, n'kuchipana ndi pulayala, n'kuchigunditsa pa flap disc yomweyo. Sichinatenge nthawi. Chinati the! n'kugawika patatu, kachidutswa kena n'kudzandimenya pa tsaya, pansi penipeni pa diso. Magalasi oteteza maso ndinali nditawakweza pamphumi chifukwa ankachita nthunzi. Safunsa adadya phula.

Usiku ndakhala pansi kuwerengera. Pa kachitsulo ka makinawo palembedwa kuti amazungulira maulendo 11,000 pa mphindi. Disiki ya 115 mm, kuzungulira m'mphepete mwake ndi pafupifupi 36 cm. Ukachulukitsa umapeza kuti m'mphepetemo mumathamanga mamita 66 pa sekondi, pafupifupi makilomita 240 pa ola. Galimoto ya liwiro limenelo ingachoke ku Lilongwe n'kufika ku Blantyre mu ola limodzi ndi mphindi 20. Ine ndinapatsa kagalasi konga chikhadabo liwiro limenelo.

Chitsulo chimapirira chifukwa chimamwaza kutentha m'thupi mwake monse ndipo chimapindika chisanathyoke. Galasi silitero. Kutentha kumakhala pamalo amodzi pomwe disiki yakhudza, pamenepo pamafufuma pamene pambali pake pali pozizira, ndipo mng'alu umayambira pomwepo.

Loweruka, 14 Juni

Ndayenda m'mashopu a hadiweya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Kulikonse ndikafunsa gulayinda, wogulitsa amathamangira kunena mawatsi. "Iyi ndi ya mphamvu, bwana, tayang'anani nambala." Pa benchi ina mumsika ndinaona kamakina kopepuka ngati chidole, koma pa sitika palembedwa mawatsi ochuluka kuposa gulayinda yaikulu ya alamu ija. Ndinangoseka. Mota ya mphamvu imakhala ndi mawaya ambiri a kopa, ndipo kopa amalemera. Dzanja limadziwa zimene sitika ikubisa.

Pa ntchito yangayi mawatsi 700 mpaka 900 ndi okwanira. Chimene ndikufuna ndi kachiwilo kosinthira liwiro, ndipo apa mpomwe nkhani inavutira. Magulayinda ambiri ang'onoang'ono ali ngati Makita GA4530: mawatsi 720, liwiro limodzi la 11,000, makina odalirika pa chitsulo koma sabwerera m'mbuyo. Okhala ndi kachiwilo, monga Bosch GWS 9-115 S ya mawatsi 900, amayambira pa 2,800 kukafika 11,000. Nambala ya pansiyo ndiyo yofunika kwa ine, chifukwa mapadi a dayamondi osalazira miyala ndi galasi ambiri amalembedwa kuti asapitirire maulendo 4,000 kapena 4,500 pa mphindi. Ukawathamangitsa kuposa apo, utomoni umene umagwira timchenga ta dayamondi umapsa n'kusiya mikwingwirima pa ntchito, ndipo padiyo ikhoza kumatuka n'kuuluka.

Pali makina enanso opangidwira ntchito ya madzi, monga Makita PW5001C, amene amayenda pakati pa 2,000 ndi 4,000 ndipo madzi amatulukira pakati pa padi. Amenewo ndi a anthu osalaza miyala ya pamanda ndi makauntala a granite tsiku ndi tsiku. Pa chitsulo alibe ntchito, ndipo tebulo limodzi silingabweze ndalama zake.

Mnyamata wina pa shopu anandiuza nzeru yachidule: ndigule yotchipa ya liwiro limodzi, ndiyilumikize ku kabokosi kochepetsa magetsi konga ka fani. Zimatheka ndithu pa makina opanda zamagetsi zina m'kati, koma ukachepetsa motero mphamvu nayo imagwa, ndipo ukangokanikiza pang'ono disiki imaima. Makina abwino okhala ndi kachiwilo amadziwonjezera okha magetsi akamva kulemera, kuti liwiro lisagwe. Ndamuthokoza, koma ayi.

Zina zimene ndalemba m'kope kuti ndisaiwale. Mazinga a pa shafiti akhale M14 ndipo bowo la disiki likhale 22.23 mm, chifukwa ndizo zimapezeka m'mashopu mwathu muno. Pali timagulayinda ta 100 mm tochokera ku Asia tokhala ndi mazinga a M10 ndi bowo la 16 mm. Ukagula timeneto udzayenda tauni yonse kufunafuna madisiki. Komanso mabulashi a kaboni, timakala topititsa magetsi m'kati mwa mota, azipezeka, poti ndiwo amayamba kutha.

Lolemba, 23 Juni

Makina afika. Msuweni wanga amene amapikula katundu ku Johannesburg ndiye wabwera nawo pa basi, pamodzi ndi mapadi a dayamondi a 100 mm asanu ndi awiri (50, 100, 200, 400, 800, 1500 ndi 3000), mbale ya labala yomatapo mapadiwo, ndi mapadi awiri a m'manja onga siponji, a 120 ndi 400. Gulayinda ndi ya 115 mm, mawatsi 900, kachiwilo koyambira 1 mpaka 6.

Pulagi yake ndi ya ku South Africa, ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona ngati a ku Britain. Magetsi ndi ofanana, 230 V, choncho ndangodula n'kuikapo pulagi yathu yokhala ndi fyuzi. Sindinafune adaputala chifukwa imagwedera, ndipo gulayinda imene yazima yokha switchi ili yoyatsa ndi njoka yogona. Nkhani yomweyo magetsi akathima pakati pa ntchito: choyamba n'kuzimitsa switchi, kudandaula pambuyo. Makina ena atsopano sadzuka okha magetsi akabwera, koma ine sindikufuna kuzolowera kudalira zimenezo.

Nditaigwira m'manja ndinazindikira chinthu chimene palibe wogulitsa ananditchulira: kunenepa kwa thupi la makina. Iyi dzanja langa limaizungulira bwino. Ya alamu ija inali yonenepa, ndipo pakatha mphindi khumi chala chachikulu chinkachita dzanzi.

Loweruka, 28 Juni

Tsiku la chitsulo. Ndamaliza felemu yonse, kachiwilo pa 6. Flap disc ya 60 kuchotsa zotsala, kenaka ya 120 kuti pasalale. Ngodya ndazizungulitsa kuti zikhale zobulungira, ndipo m'kati mwa ngodya momwe disiki siifika ndalowamo ndi tupa. Mayeso anga ndi sokosi yakale ya nayiloni: ndimaikoka m'mphepete monse, ikakodwa ndiye kuti ntchito sinathe.

Alamu anabwera kudzaona makina atsopano. Atawatembenuzatembenuza anati, "Alamu, chotchinga disikichi chotsani, chimangosokoneza. Ife tonse timachotsa."

Ndinati, "Inu alamu, tsaya langali mukuliona?"

Anaseka, koma zimene amachita ku shedi kwawo zimandidetsa nkhawa. Disiki ya 230 mm ikatha n'kutsala yaing'ono, amaichotsa n'kuiika pa gulayinda yaing'ono yopanda chotchinga, kuti isatayike. Ndinawaonetsa zolembedwa pa madisiki. Ya 115 mm imaloledwa kufika 13,300 pa mphindi, koma ya 230 mm malire ake ndi cha m'ma 6,600 basi. Ndinawaonetsanso kamkombero kachitsulo kapakati pa disiki, pomwe pamadindidwa mwezi ndi chaka chothera ntchito, chifukwa utomoni wake umafooka pakapita zaka zitatu, makamaka m'chinyontho. Anati zaka zonsezi ankayesa nambala imeneyo ndi ya fakitale. Sindikudziwa ngati asinthe. Anangoti, "Mwaphunzira inu," zimene kwa alamu zingatanthauze chilichonse.

Ndapaka red oxide kuteteza dzimbiri. Mawa ndidula thabwa la pansi ndi waya wolimbitsa simenti.

Lamlungu, 6 Julayi

Anthu ali pa chikondwerero cha ufulu, ine ndili kuseri kwa nyumba ndi beseni.

Sabata yonseyi madzulo ndakhala ndikuyesa njira zosalazira tizidutswa tisanamatidwe, ndipo zotsatira zake zandichititsa manyazi pang'ono. Ndinamangirira gulayinda pa thabwa chagada, padi ya 200 ikuyang'ana kumwamba, kachiwilo pa 1, n'kumanyowetsa ndi siponji. Galasi silinasweke. Pa liwiro la 2,800, padi ya 100 mm imayenda pafupifupi mamita 15 pa sekondi, ndipo madzi amachotsa kutentha. Koma kugwira kachidutswa ka 2 cm pafupi ndi chinthu chozungulira ndi ntchito yoika moyo pa chiswe. Tiwiri tinandipulumuka n'kukagwera m'dimba la mpiru, ndipo ndinathera theka la ola ndikutifunafuna chifukwa mwana amayenda osavala nsapato kumeneko. Madzi nawo amamwazikira m'malaya ndi pakhoma. Ndamasula, ndipo sindidzamangiranso gulayinda motero.

Kenaka ndinatenga padi ya m'manja ya 120, beseni la madzi pamiyendo, n'kumakhutiza kachidutswa kalikonse kanayi kapena kasanu mbali iliyonse, m'madzi momwemo. Kuthwa kumachoka nthawi yomweyo. Palibe phokoso, palibe fumbi, palibe magetsi. Mayi a kunyumba anakhala nane pa mkeka n'kutenga padi inayo, ndipo pofika nthawi yophika tinali titadzaza mbale ziwiri. Iwo ndiwo anafunsa funso limene ndinkalizemba: "Nanga makina a ku Joni aja ndi a chiyani?"

Ndinayankha kuti nthawi yake ikubwera. Amisiri a magalasi a m'mawindo a matchalitchi ali ndi kamakina kawokawo ka patebulo, kokhala ndi kamutu ka dayamondi kozungulira m'madzi, ndipo ndiko koyenera tizidutswa totere. Gulayinda ya m'manja imafuna kuti chinthu chikhale chomangika, makina ndiwo aziyenda.

Lachinayi, 17 Julayi

Magalasi onse amatidwa, grout (phala la simenti lodzaza m'mipata ya tizidutswa) yalowa, ndipo ndadikira masiku asanu ndi awiri kuti simenti igwire, ndikuifunditsa chiguduli chonyowa. Kuzizira kwa mwezi uno kumachedwetsa simenti, ndiye sindinafune kuthamanga.

Chambo zikuoneka ndithu, ngakhale imodzi yafanana ndi mlamba. Koma pamwamba sipali posalala. Galasi la mawindo ndi la 3 mm kwina 5 mm, timatailosi ndi ta 4 mm, mabotolo ali ndi msana. Ukaika kapu ya tiyi imapendekeka. Pa khoma zimenezi sizikanavuta. Amisiri amene anakongoletsa tchalitchi cha San Vitale ku Ravenna, ku Italy, cha m'ma 540, ankapendeketsa dala tizidutswa tawo kuti kuwala kuzivina. Koma iwo sankamwerapo tiyi.

Pali njira ina imene ndinaiwerenga n'kuinyalanyaza. Umamata tizidutswa chadodolido pa pepala lolimba patebulo losalala, kenaka n'kuthira simenti kumbuyo kwake. Ukatembenuza n'kuchotsa pepala, nkhope yonse imakhala yofanana ngakhale magalasi akhale osiyana kuchindikala. Ndikanatero, ntchito yosalaza imene ikundidikirayi ikanachepa kwambiri.

Loweruka, 19 Julayi

Lero ndiye gulayinda yabweza ndalama zake.

Ndisanayambe ndinakonza za magetsi, chifukwa makina awa sanapangidwire madzi. Pa ekisitenshoni ndaikapo RCD ya 30 mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi kakamva kuti ena akuthawira kwina, ndipo ndinadina batani lake loyesera ndisanayatse chilichonse. Polumikizira mawaya ndapapachika pa msomali kuti pasagone pansi. Ndavala majombo a labala. Madzi sindithira ndi paipi ayi, ndimangopopera ndi botolo kuti pamwamba pakhale ponyowa, ndipo timabowo topumira mota ndimatilozetsa kutali ndi madzi.

Pamphuno ndavala masiki ya FFP3. Ambiri amaopa fumbi la galasi, ndipo n'loipadi m'maso ndi pakhosi, koma loopsa kwambiri ndi la mchenga wa mu simenti ndi grout. Limenelo ndilo limabweretsa silicosis, matenda a m'mapapo amene anavutitsa agogo athu ambiri amene anapita ku migodi ya golide ku Joni pa nthawi ya Wenela. Likanyowa limasanduka phala loyera ndipo siliuluka. Phalalo ndimalipukuta lisanaume, chifukwa likauma ndi fumbi lomwe lija.

Ndinayesa kaye pa kabolodi koyesera kamene ndinamata tizidutswa totsala. Padi ya 50 imaluma kwambiri, inabenthula m'mphepete mwa tizidutswa ngati mano a khoswe. Ya 100 inali bwino pa misana ya mabotolo yokha. Pa tebulo lenileni ndinayamba ndi 100 pamalo okwera okhaokha, kenaka 200 ponseponse. Kachiwilo pakati pa 1 ndi 2, padi yogona yonse osapendeketsa, dzanja osakanikiza, kulemera kwa makina n'kokwanira. Osaima malo amodzi.

Nditapukuta pambuyo pa 200 mtima unagwa. Tebulo lonse linali loyererako ngati lathiridwa ufa, chambo zitazimirira. Ndinadziwa kuti zidzatero, koma kuona ndi maso ndi nkhani ina. Padi iliyonse imafafaniza mikwingwirima ya inzake ya m'mbuyo n'kusiya yakeyake yaing'ono, ndiye palibe kudumpha. Pa 400 mtundu unayamba kubwerera. Pa 800 buluu anadzuka. Pa 1500 ndi 3000 kunyezimira kunabwera, osati kwa galasi latsopano, koma kofatsa ngati mwala wa m'mphepete mwa nyanja umene wanyowa. Ofuna kuti liwale kotheratu amamalizira ndi ufa wa cerium oxide pa padi ya nsalu yochindikala. Ine kufatsaku ndakukonda, ndisiya pomwepa.

Chimene ndaphunzira pa makinawo: pa liwiro lotsika amatentha msanga. Fani yoziziritsa mota ili pa shafiti yomweyo, ndiye ukachepetsa liwiro mphepo nayo imachepa. Pakatha mphindi khumi ndimawachotsa pa ntchito, n'kukweza kachiwilo pa 6 kuti azungulire opanda katundu kwa mphindi imodzi, mphepo iwadutse. Ndikukumbukira kuchotsa kaye padi ndi mbale yake ndisanakweze liwiro. Ntchito yonse yatenga maola anayi ndi theka, ndipo tizidutswa titatu tazuka. Titatu tonse ndi ta botolo, timene simenti sinalowe bwino kunsi kwa msana wake.

Lachiwiri, 22 Julayi

Ndalakwitsa, ndipo wolakwa ndine ndekha.

Pomwe mwendo umodzi ukumana ndi felemu ndinaona kachiphuphu ka chitsulo kamene ndinakaphonya mwezi watha. Ndinati ndi ntchito ya masekondi khumi. Ndinaika flap disc, osaphimba tebulo, n'kupala. Mbaliwali zinathamangira pa ngodya ya galasi. Nditapukuta ndinapeza timadontho takuda tambirimbiri, tokhakhala ukapitsapo chala, ndipo sititsukika. Mbaliwali ndi tizitsulo toyaka moto, ndipo tikagwera pa galasi timalisungunula pang'ono n'kukhazikikamo. Mvula ikadzabwera tidzachita dzimbiri. N'chifukwa chake mawindo a nyumba zambiri zatsopano amakhala ndi mathothomathotho pansi pake: owotcherera mabagala anagwira ntchito magalasi ataikidwa kale.

Malo owonongeka ndi aakulu ngati chikhatho. Ndabwereranso ku padi ya 200 pamenepo, n'kukweranso makwerero onse mpaka 3000. Ola lathunthu lapita. Timadontho tiwiri tozama tatsala pa mchira wa chambo, ndipo ndatisiya chifukwa kupala kwambiri kukanakumba chigwa.

Tsopano madisiki a chitsulo ali m'chitini chawochawo, mapadi a galasi m'thumba lina, ndipo pa chitinicho ndalembapo ndi penti kuti "phimba kaye".

Loweruka, 26 Julayi

Ndabwezeretsa tizidutswa titatu tija ndi kudzaza grout m'malo momwe padi inakokolola. M'mphepete momwe galasi likumana ndi angle iron sindinafikitsemo makina, chifukwa padi ya dayamondi ikakhudza chitsulo imatenga zakuda n'kuzipaka pa grout yoyera. Ndamatapo tepi pa chitsulo n'kumaliza ndi padi ya m'manja ya 400. Sokosi ya nayiloni yadutsa mbali zonse zinayi osakodwa, ndipo kapu ya tiyi yaima chilili paliponse kupatula pa diso la chambo yachiwiri, pomwe ndinaika kansi ka botolo ndipo sindikufuna kukachepetsa.

Zatsala: penti yakuda kawiri pa felemu, mankhwala otseka grout kuti tiyi asalowe, ndi timapazi ta labala pansi pa miyendo. Padi ya 200 yatsala pang'ono kutha, zinazo zikadali zabwino. Ndauza msuweni kuti ulendo wa mwezi wamawa adzatenge za 200 ziwiri ndi mabulashi a kaboni osungira.

Alamu atumiza uthenga kuti akufuna kubwereka gulayinda Lolemba, ali ndi ntchito ya zogwirira masitepe za stainless, imene imafuna liwiro lotsika kuti chitsulo chisapse n'kuchita buluu. Ndawauza kuti agule madisiki olembedwa INOX, asagwiritse amene adyapo chitsulo wamba, ndipo ndawayankha kuti abwere adzatenge, koma chotchinga chikabwere chili pomwepo. Ayankha ndi kankhope koseka basi.